Galu sakanda khutu pachabe: yang'anani kaye musanathiremo kanthu

Mukayenda m'midzi yozungulira Kasinje, m'chigwa cha Bwanje ku Ntcheu, miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, tayang'anani agalu amene agona pamthunzi wa nkhokwe kapena pansi pa ngolo. Ambiri sakupeza tulo. Wina akupukusa mutu mpaka makutu kumveka kuti phaphapha. Wina akukanda kuseri kwa khutu ndi mwendo wakumbuyo uku akulira chapansipansi. Wina nsonga za makutu ake zada ndi magazi ouma, ntchentche zili pomwepo. Zoterezi tazizolowera, moti timangoti ndi mmene agalu amakhalira.

Galu wanuyo akafika povuta, alangizi sasowa. Mnansi akuuzani kuti mupake oili wakuda wochokera ku chigayo. Wina ati palafini ndiye sachedwa. Wina akubweretserani kabotolo ka dibi wa ng'ombe, kapena mankhwala otsala popopera thonje, n'kukuuzani kuti mudonthezere pang'ono m'khutumo. Onsewa amalankhula mokufunirani zabwino, ndipo aliyense amakhala ndi nkhani ya galu wina amene akuti adachira.

Maganizo athu pa tsamba lino ndi awa: chithandizo chapakhomo chilipo ndithu, ndipo china chimagwira ntchito bwino popanda kulowa m'thumba. Koma chili ndi malire ake, ndipo zambiri zimene timathira m'makutu a agalu athu ndi poizoni, osati mankhwala. Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Nayenso galu wokanda khutu ali ndi chifukwa chake, ndipo ntchito yanu yoyamba n'kupeza chifukwacho musanatsegule botolo lililonse.

Mwina mukufunsa kuti tsamba la zaumoyo latani kuti lizikamba za khutu la galu. Yankho lili pakhomo panu pomwepo. Galu ndiye mlonda wa khola la mbuzi usiku fisi akamazungulira. Ndiye amayamba kumva mapazi a wakuba ng'ombe inu muli m'tulo. Ndiye amathamangitsa anyani kumunda. Ntchito yonseyi amaigwira ndi makutu, poti galu amamva phokoso lapatali ndiponso lapamwamba kwambiri limene khutu la munthu silingamve. Galu wogontha ndi mlonda wopanda ntchito. Komanso galu amene akumva ululu sachedwa kuluma, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri ndi mwana amene amangofuna kusewera naye.

Khutu la galu si la munthu

Ngalande ya khutu la munthu ndi yaifupi ndipo imapita chopingasa. Ya galu ndi yaitali ndipo ndi yokhota ngati chilembo cha L: imayamba yatsikira pansi, kenaka n'kukhotera mkati. Kumapeto kwake kuli kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamanjenjemera phokoso likafika. Kuseri kwa kachikopako ndi kumene kuli ziwalo zothandiza galu kumva komanso kuyenda mosadzandira.

Kapangidwe kameneka kakutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, chilichonse chimene mwathira m'khutu la galu sichituluka msanga. Chimakakhala pokhota paja, pamalo ofunda ndi achinyezi pomwe tizilombo timaswana mosavuta. Chachiwiri, inu ndi maso anu simungaone ngati kachikopa kaja kali bwinobwino kapena kabooka. Matenda okhalitsa amatha kukaboola. Kakabooka, madzi alionse amene mwathira amalowa mkatikati, ndipo ena mwa iwo amatha kugonthetsa galu mpaka kalekale. Dokotala wa ziweto ali ndi kachipangizo ka nyali kosuzumirira mkatimo. Inu mulibe. N'chifukwa chake lamulo lalikulu la chithandizo chapakhomo n'lakuti samalani zakunja zimene mukuziona, zamkati musiyire odziwa.

Zoyabwitsa n'zambiri, ndipo sizifanana

Tengani galu wanu masana kukuwala, mukhale naye pansi modekha, mupinde khutu n'kuyang'ana. Nunkhizaninso. Zimene muone zikuuzani zambiri.

Mukaona nsonga za makutu zili ndi zilonda ndi nkhanambo zakuda, koma mkati muli mwabwinobwino, mlandu ndi wa ntchentche zoluma. Izi zimafanana ndi ntchentche zam'nyumba koma zili ndi mlomo wosongoka woyamwira magazi. Akatswiri amazitcha Stomoxys calcitrans. Zimaswana mu ndowe zonyowa zosakanikirana ndi udzu kapena mapesi owola, choncho pakhomo pokhala ndi khola la ng'ombe sizisowa. Zimakonda nsonga za makutu chifukwa khungu lake ndi lopyapyala ndipo galu amalephera kudziteteza pamenepo. Zikaluma magazi amatuluka, magaziwo amaitana ntchentche zina, ndipo khutu limatha kudyeka pang'onopang'ono mpaka kufupika.

Mukaona timibulu totuwa kapena tofiirira tomatirira mkati mwa khutu, ndi nkhupakupa. Imene imakonda agalu kwambiri, yotchedwa Rhipicephalus sanguineus, imakhala m'ming'alu ya makoma ndi m'malo ogona galu, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande. Nkhupakupa sizingoyabwa chabe. Zimafalitsa matenda a m'magazi amene amachititsa galu kutentha thupi, kufooka, kukana chakudya ndi kuyera nkhama.

Mukaona timadontho takuda tambirimbiri tomatirira m'mphepete mwa khutu, tosasuntha ngakhale mutatikhudza, kawirikawiri ndi utitiri wa nkhuku, womwe uja umamatirira m'maso ndi pa lipombo la nkhuku. Galu wogona pafupi ndi khola la nkhuku amautenga mosavuta.

Mukaona mkati mwa khutu muli zinyalala zakuda, zouma, zonga mwaye wa kudenga la khitchini, ndipo galu akukanda makutu onse awiri mosalekeza, ganizirani tizilombo ting'onoting'ono ta m'khutu totchedwa Otodectes cynotis. Timavuta kwambiri ana agalu ndi amphaka, ndipo timapatsirana ziweto zikamagona pamodzi. Mutha kudziyezera nokha: tapani zinyalalazo pang'ono, muike pa nsalu yakuda padzuwa, muyang'anitsitse. Mukaona timadontho toyera tikuyenda, ndi tomweto. Kuchokera pa dzira kufika pa kachilombo kokhwima pamatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika pochiza.

Mukamva fungo loipa, khutu lili lofiira, lotentha, lonyowa, mukutuluka phula lambiri labulawuni kapena mafinya, ndiye kuti mwalowa matenda a mabakiteriya kapena a yisiti. Yisiti wotchedwa Malassezia amakhala kale pakhungu la galu aliyense popanda vuto, koma amachulukana khutu likanyowa kapena likatupa. Agalu a makutu ogwa, amene anthu ambiri akugula masiku ano, amavutika kwambiri ndi zimenezi kuposa agalu athu akumudzi a makutu oima, chifukwa mpweya sulowa bwino. Matendawa akamabwererabwerera, nthawi zambiri pamakhala china chimene thupi la galuyo silikugwirizana nacho, monga kulumidwa ndi utitiri, chakudya china kapena mungu wa zomera.

Mukaona m'mphepete mwa makutu mwathothoka ubweya, muli nkhanambo, ndipo zomwezo zili m'zigongono ndi kumimba, amenewo akhoza kukhala mphere. Mphere za agalu zimatha kuyabwitsa anthu a pakhomopo, makamaka amene amamunyamula.

Ndipo galu akachoka kutchire kosaka ali bwinobwino, n'kuyamba mwadzidzidzi kupukusa mutu ndi kulira, khutu limodzi lokha, kawirikawiri mwalowa njere yosongoka ya udzu kapena kachilombo. Njere zoterezi zimayenda cholowa mkati, sizibwerera zokha.

Taonani tsono: zifukwa zisanu ndi ziwiri, chizindikiro chimodzi. Mankhwala amodzi sangathe zonsezi, ndipo amene akukuuzani kuti botolo lake limachiza khutu lililonse sadayang'ane khutu n'limodzi lomwe.

Zimene mungachite pakhomo

Yambani ndi kudziteteza. Khutu lopweteka limasandutsa galu wofatsa kukhala wolusa. Ntchitoyi ndi ya munthu wamkulu amene galuyo amamudziwa, osati ana. Wina agwire galu, ndipo ngati n'kofunika mumange kukamwa ndi kansalu kofewa kwa mphindi zochepa chabe, poti galu amadziziziritsa popuma ndi kukamwa ndipo kutentha kwa kuchigwa sikuchedwa kumufooketsa. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo.

Chotsukira chabwino ndi chotchipa ndi madzi a mchere. Wiritsani theka la lita la madzi, muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, yosadzaza mpaka pamwamba, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Viikani kansalu koyera kapena thonje, mufinye, n'kupukuta mbali ya khutu imene mukuiona, kuchokera mkati kupita kunja. Musapitirire pomwe chala chanu chalekezera. Musalowetse kamtengo, nthenga, machesi kapena timitengo ta thonje tija togula m'sitolo, chifukwa timakankhira zinyalala mkati ndipo galu akagwedeza mutu mutha kuboola kachikopa kaja. Pomaliza pukutani ndi nsalu youma.

Pa zilonda za ntchentche, nyowetsani nkhanambo ndi madzi a mchere aja mpaka zifewe, mupukute mosamala, muumitse, kenaka mupake mafuta a Vaseline mokhuthala pansonga za makutu m'mawa uliwonse ndi masana. Mafutawa sapha ntchentche, koma amatchinga khungu kuti mlomo wake usafike, ndipo chilonda chimapeza mpata wopola. M'masitolo a zaulimi mumapezekanso mafuta a zilonda za ziweto othamangitsa ntchentche. Werengani chizindikiro chake kuti mutsimikize kuti ndi ololedwa pa agalu. Koma chithandizo chenicheni chili pakhola: kokolani ndowe pafupipafupi, muziunjike patali kuti zipange manyowa, ndipo galu asamangidwe padzuwa pafupi ndi khola masana, nthawi imene ntchentchezi zimaluma kwambiri.

Vaseline yemweyo amathandiza pa utitiri wa nkhuku. Mukapaka mokhuthala pomwe wamatirira, umabanika n'kufa, ndipo pakapita masiku angapo umayoyoka. Sesaninso khola la nkhuku ndi kutentha zinyalala zake, apo ayi ubweranso.

Nkhupakupa zichotseni imodziimodzi. Gwirani pafupi ndi khungu penipeni, ndi kachipangizo kopanira kapena ndi zala zokutidwa ndi pepala la pulasitiki, n'kukoka pang'onopang'ono mosagwedeza. Musaiotche ndi moto ili pakhungu, musaithire palafini, ndipo musaiphwanye ndi zikhadabo, poti magazi ake amatha kukhala ndi tizilombo. Iponyeni pamoto. Zimene zalowa mkati mwa ngalande musalimbane nazo. Kenaka matani ming'alu ya khoma pomwe galu amagona, ndipo chiguduli chimene amagonera muchichape n'kuchiyanika padzuwa, kapena muchitenthe.

Nanga mafuta ophikira, amene ambiri amati amapha tizilombo ta m'khutu? Apa tinene chilungamo. Madontho ochepa a mafuta oyera amatha kubanikitsa tizilombo tina ndi kufewetsa zinyalala. Koma sapha mazira, choncho pamafunika kubwereza kwa masabata atatu kapena anayi. Safikanso tizilombo tomwe tathawira m'khosi ndi kumchira. Ndipo ngati vuto si tizilomboti koma yisiti kapena mabakiteriya, mafutawo amangowonjezera chinyezi, matenda n'kukula. Ngati mwationadi tizilombo toyera tija pansalu, khutu silikununkha, mulibe mafinya, ndipo galu akuyenda bwinobwino, mafuta angakhale chongogwirizira podikira mlangizi wa ziweto. Mankhwala enieni alipo, ndipo ayenera kuperekedwa kwa agalu ndi amphaka onse a pakhomopo nthawi imodzi.

Za viniga nazonso zafala kwambiri pa intaneti. N'zoona kuti yisiti sakonda malo owawasa. Koma khutu limene galu wakhala akulikanda limakhala ndi timabala, ndipo viniga pabala amawotcha ngati tsabola. Galu amene mwamupweteka kamodzi sadzalolanso kuti mumugwire khutu, ngakhale tsiku limene mwabweretsa mankhwala oyenera. Ife tikuti madzi a mchere akukwanirani.

Zimene siziyenera kufika pakhutu

Oili wakuda wa injini ali ndi zitsulo zapoizoni ndi zotsalira za mafuta opsa. Amawotcha khungu, amalowa m'thupi kudzera pabala, ndipo galu akakanda n'kunyambita phazi amamumeza. Palafini, dizilo ndi petulo amasupula khungu lofewa la m'khutu. Mankhwala otsukira zimbudzi, monga Jeyes Fluid, adapangidwira simenti, osati khungu la chamoyo. Madzi a fodya ali ndi chikonga chimene chimalowa pakhungu, ndipo kamwana ka galu sikafuna chambiri kuti kafe. Phulusa ndi laimu zimapsereza bala. Mowa wa kachasu kapena sipiriti pakhutu lofiira ndi chizunzo chabe.

Choopsa kuposa zonse ndi mankhwala a mbewu ndi dibi wosasungunula. M'chigwa cha Bwanje ndi madera oyandikana nawo, komwe anthu amalima thonje ndi kuweta ng'ombe, mabotolo amenewa amapezeka pafupifupi pakhomo lililonse. Mankhwala a thonje, a tomato kapena a anankafumbwe sadapangidwire nyama. Dibi wa ng'ombe adayezedwa poganizira nyama yolemera makilogalamu mazanamazana, pomwe galu wakumudzi salemera ngakhale theka la thumba la chimanga. Ena mwa madibiwa ndi ololedwa pa agalu, koma pamlingo wake wolembedwa pabotolo, posambitsa thupi, osati pothira m'khutu. Galu amene walandira poizoni wotereyu amachucha dovu, amasanza, amatsegula m'mimba, amanjenjemera, ndipo amatha kufa tsiku lomwelo. Izi zikachitika musambitseni msanga ndi sopo ndi madzi ambiri mutavala mapepala a pulasitiki m'manja, ndipo thamangirani kwa a zaziweto mutatenga botololo kuti adziwe chimene akulimbana nacho. Kumbukiraninso kuti mankhwala ena a utitiri oyenera agalu, monga okhala ndi permethrin, amapha amphaka.

Mankhwala a anthu nawonso asiyeni. Bufeni amawononga m'mimba ndi impso za galu. Panado pamlingo wolakwika amawononga chiwindi, ndipo kwa mphaka ndi imfa. Kutsegula kapisozi wotsala n'kuwaza ufa wake m'khutu sikuchiza, koma kumaphunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala, vuto limene likuvutitsa kale zipatala zathu. Ngakhale mankhwala odonthezera m'khutu ogula ku famase amatha kugonthetsa galu ngati kachikopa kaja kabooka.

Ndipo lumo likhale patali. Galu akapukusa mutu kwa nthawi yaitali, mitsempha ing'onoing'ono ya m'khutu imatha kuphulika, magazi n'kudzaza pakati pa khungu ndi chichereechere, khutu n'kutupa ngati chitumbuwa. Ena amacheka kuti magazi atuluke. Chotupacho chimadzazanso, ndipo bala lija limalowa mafinya kapena mphutsi. Enanso amadula nsonga zodyeka ndi ntchentche, poganiza kuti athetsa vuto. Ntchentche zimangosamukira pa bala latsopanolo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama ku nkhanza, koma ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, nzeru yokha ikukana.

Nthawi yosiya zapakhomo

Pali zizindikiro zimene zikuuzeni kuti apa pafunika odziwa. Khutu likamatuluka mafinya kapena magazi ochokera mkati. Likamanunkha. Likatupa. Galu akamalira mukangolikhudza. Akamapendeketsa mutu mbali imodzi, kudzandira, kuyenda mozungulirazungulira, kapena maso ake akamagwedezeka okha. Akasiya kudya, nkhama zikayera, kapena mkodzo ukada. Mukaganiza kuti mwalowa njere ya udzu. Kapena mukachita zonse tafotokozazi kwa masiku atatu kapena anayi koma osasintha. Pamenepo funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kapena pitani ku ofesi ya zaulimi imene muli nayo pafupi. Safunsa adadya phula.

Pali chinanso chimene sitingachilumphe. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa n'kuyamba kulusa kapena wolusa n'kungoti zii, akamachucha dovu, kulephera kumeza, kuluma zinthu zilizonse kapena kufa miyendo, musamugwire n'komwe kuti muone khutu kapena kukamwa. Chikhoza kukhala chiwewe. Mutsekereni pomwe sangafike kwa anthu ndi ziweto, ndipo dziwitsani a zaziweto ndi amfumu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse ofa nacho, pafupifupi anayi ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba mwa munthu, kuchira kulibe.

Choncho ngati galu wakulumani kapena kukukandani pomwe mumamusamalira khutu, ngakhale ali wanu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati bala lipole. Uzaninso a zaziweto kuti galuyo ayang'aniridwe kwa masiku 10. Ndipo galu wanu akhale wobayitsa katemera wa chiwewe chaka chilichonse, poti galu wobayitsa ndi amene mungamusamalire mtima uli m'malo.

Tikudziwa chimene mukuyankha

Mukuti: zonsezi n'zabwino, koma dokotala wa ziweto ali kuti? Kuchokera ku Kasinje kukafika ku boma la Ntcheu ndi ulendo, wa minibasi kapena kabaza sangalole galu wonunkha khutu, ndipo ndalama imene ilipo ndi ya feteleza ndi fizi. Mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri, ndipo akabwera amabwerera ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Dandaulo limeneli n'loona, ndipo sitikulipeputsa. Anthu sathira oili wakuda chifukwa chodana ndi agalu awo. Amathira chifukwa ndi chokhacho chimene chili pafupi.

Koma taganizani bwino. Pa zonse tatchula zothandiza, chodula n'chiti? Mchere muli nawo. Nsalu muli nayo. Kabotolo ka Vaseline kali pawindo. Kukokola ndowe, kumata ming'alu ndi kusuntha galu kupita pamthunzi kumafuna mphamvu zokha. Kusathira palafini n'kwaulere. Umphawi ungatilepheretse kugula mankhwala abwino, koma sutikakamiza kuthira poizoni. Ndipo masiku ano ambiri muli ndi foni: jambulani khutulo, mutumizire mlangizi pa WhatsApp, kapena mumuimbire n'kumufotokozera zimene mwaona. Mukagwirizana mabanja angapo kuti abwere tsiku limodzi adzaone agalu onse, mtengo wa mafuta a njinga yake mumagawana.

Mbali inayo ndi ya boma ndi mabungwe. Kwa zaka zambiri dziko lino linkadalira madokotala a ziweto ophunzira kunja, ndipo adali owerengeka. Tsopano sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda ikuphunzitsa madokotala athuathu, ndipo koleji ya Mikolongwe imaphunzitsa alangizi a ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, onse osamalira nyama. Koma thandizo lotereli likadali la m'tauni. Mlimi wa ku Kasinje, ku Kandeu kapena ku Sharpevale amangolimva pa wailesi.

Njira yofikira kumudzi ilipo kale. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Zimenezi zidaonetsa kuti Amalawi amabweretsa agalu awo thandizo likafika pafupi. Akatswiri amati kubaya agalu 70 mwa 100 alionse chaka ndi chaka kumadula kufala kwa chiwewe, ndipo maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Tsiku la katemera, komanso pa 28 Seputembala pomwe dziko lonse limakumbukira za chiwewe, agalu a mudzi wonse amasonkhana pamalo amodzi. Ife tikupempha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto kuti tsiku limenelo obaya katemera azitenga mphindi imodzi kupinda khutu la galu aliyense, kuuza mwini wake chimene aona, ndi kumuchenjeza za oili ndi palafini. Tikupemphanso ogulitsa mankhwala a zaulimi m'misika yathu kuti asiye kutsanulira dibi m'timabotolo topanda chizindikiro, ndipo oyang'anira malonda a mankhwalawa azifika m'misika ya kumidzi, osangothera m'mizinda.

Koma zimenezo zidzachitika tsiku lake. Galu wanu akukanda lero. Madzulo ano, dzuwa lisanalowe, muitaneni, mukhale naye pakhonde, mupinde khutu lililonse n'kuyang'ana. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata, ngakhale asakudwala, kuti azolowere dzanja lanu ndiponso kuti inu mudziwe mmene khutu labwino limaonekera: loyera, louma, losanunkha. Mukapeza nkhupakupa, chotsani. Mukapeza zilonda za ntchentche, tsukani ndi kupaka mafuta. Mukapeza mafinya, fungo kapena chotupa, imbani foni. Ndipo mnansi akabwera ndi kabotolo kake, muthokozeni, koma mumuuze kuti kabwerere kumunda wa thonje komwe kali ndi ntchito.